Kalembedwe ka Chikalata cha ELF Chimene Owerenga Sangasochere Nacho

Chikalata chofotokoza kapangidwe ka fayilo ya pulogalamu sichiwerengedwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Munthu amene amachitsegula amakhala ali kale pakati pa ntchito: mwina akulemba linker (chida cholumikiza tizidutswa ta pulogalamu kukhala fayilo imodzi), mwina akukonza kapulogalamu kolowetsa mapulogalamu ena mu memori ya kachipangizo kakang'ono, mwinanso akufufuza pulogalamu yokayikitsa, ndipo pambali pake amakhala atatsegula fayilo yeniyeni imene yamuimitsa mutu. Funso lake limakhala limodzi: baiti imene ili pamalo awa ikutanthauza chiyani, ndipo ndikaiwerenga ndilowere kuti? Chikalata chimene chimayankha funso limeneli msanga ndiye chowerengeka, ngakhale chitakhala chachitali, pamene chimene chimakakamiza munthu kusanthula mitu itatu kuti adziwe tanthauzo la mabaiti awiri n'chovuta, ngakhale chitalembedwa m'mawu osalala chotani.

Malangizo ali m'munsiwa atsamira pa ELF, kapangidwe ka mafayilo kamene Linux, Android, FreeBSD ndi makina ena ambiri amagwiritsa ntchito. ELF inachokera ku Unix System Laboratories monga mbali ya System V Release 4, komiti ya Tool Interface Standard inatulutsa mtundu 1.2 wa chikalata chake mu 1995, ndipo mu 1999 gulu la 86open linaisankha kukhala kapangidwe kofanana ka makina a Unix oyendera mapurosesa a x86. Ndi chitsanzo chabwino chifukwa misampha yake ndi yodziwika bwino, komanso chifukwa aliyense amene ali ndi kompyuta ya Linux ali kale ndi mafayilo ambirimbiri oyesera zimene walemba. Zambiri mwa mfundozi zigwiranso ntchito pa PE ya Windows ndi Mach-O ya Apple.

Nenani malire a chikalata pa tsamba loyamba

Malamulo a ELF sali m'chikalata chimodzi. Pali chikalata cha onse, chimene anthu a ntchitoyi amachitcha gABI, chofotokoza zimene sizisintha pa purosesa iliyonse. Pali zikalata za purosesa iliyonse payokha, zotchedwa psABI, ndipo m'menemo ndimo muli nkhani ngati mitundu ya relocation (kukonza ma adiresi pamene pulogalamu ikulumikizidwa kapena kuikidwa mu memori) ya x86-64 kapena ya AArch64. Pamwamba pa izi pali zowonjezera za GNU, monga PT_GNU_STACK ndi DT_GNU_HASH, zimene mungazipeze pafupifupi mu pulogalamu iliyonse ya Linux koma sizinali m'chikalata cha 1995. Wowerenga amene sanauzidwe zimenezi amafufuza chinthu m'chikalata chimene chinthucho mulibe, kenako amayamba kukayikira fayilo yake kapena nzeru zake. Choncho ndime yoyamba inene momveka kuti chikalata chanu chikufotokoza mbali iti, chasiya iti, ndipo zosiyidwazo zikupezeka kuti. M'kati mwa chikalata, mfundo iliyonse yochokera ku psABI kapena ku GNU ikhale ndi chizindikiro chosonyeza gwero lake, kuti munthu asatenge chizolowezi cha Linux ngati lamulo la makina onse.

Tsatirani njira imene pulogalamu yowerenga fayilo imayenda

Olemba ambiri amasanja mitu motsatira mmene zinthu zilili mu elf.h, fayilo ya C imene muli mayina a tizigawo ta ELF, kapena mmene iwo eni anaziphunzirira. Kasanjidwe kothandiza ndi kotsatira mapazi a pulogalamu imene ikutsegula fayilo koyamba, isakudziwa kanthu kalikonse za iyo. Pulogalamu yotere imayamba ndi mabaiti 4 oyambirira, 7F 45 4C 46, amene ndi nambala 0x7F yotsatiridwa ndi zilembo E, L ndi F. Kenako imawerenga baiti ya pa offset 4 (mtunda wa mabaiti 4 kuchokera poyambira fayilo), imene imanena ngati fayilo ndi ya mabiti 32 kapena 64, ndi ya pa offset 5, imene imanena ngati manambala aatali asungidwa moyambira ku baiti yaing'ono kapena ku yaikulu. Popanda mabaiti awiri amenewa palibe nambala ina iliyonse ya m'fayilo imene ingawerengeke molondola, ndiye chifukwa chake chikalata chiyenera kuwafotokoza chisanatchule china chilichonse, ndipo chinene poyera kuti mabaiti 16 oyambirira, otchedwa e_ident, anakonzedwa dala kuti aziwerengeka mofanana pa makina alionse.

Mukachoka pamenepo, pitani pa header yonse, imene ndi mutu wa fayilo, kenako pa matebulo awiri amene header imalozako (la program header, lonena zolowetsedwa mu memori, ndi la ma section), kenako pa zinthu zimene matebulowo amalozako. Lamulo lodziletsa nalo ndi lakuti liwu lisagwiritsidwe ntchito lisanafotokozedwe, ndipo pamene zimenezi sizingatheke, chifukwa mbali za ELF zimalozana, ikani chiganizo chimodzi chofotokoza mwachidule pomwepo pamodzi ndi ulalo wopita kumene nkhaniyo yatambasulidwa. Mwachitsanzo, dzina la section (chidutswa cha fayilo monga .text kapena .data) silisungidwa mu header ya section, koma pali nambala yolozera mu tebulo la mayina, ndipo tebulo la mayinalo ndi section nalonso, imene imapezeka kudzera mu kachigawo ka mu header yaikulu kotchedwa e_shstrndx. Kuzungulira kumeneku kukalembedwa m'ndime imodzi, masitepe atatu motsatizana, kumamveka nthawi yomweyo, koma kukamwazikana m'mitu itatu kumatayitsa munthu nthawi yambiri.

Tebulo la tizigawo, ndi msampha wa mabiti 32 ndi 64

Apa ndi pamene zikalata zambiri zimagwera, ndipo mpofunika kukhalitsapo. Chizolowezi chakale ndi kusonyeza struct ya chilankhulo cha C, kenako n'kufotokoza kachigawo kalikonse m'munsi mwake. Struct ndi yothandiza kwa wolemba C, koma siuza munthu amene akuyang'ana mabaiti kuti e_phoff, imene imaloza kumene kuli tebulo la program header, ili pa malo ati, moti amayenera kuwonkhetsa yekha kukula kwa tizigawo tonse ta m'mbuyo. Ntchito imeneyi ndi ya wolemba chikalata, ndipo ayenera kuichita kamodzi m'malo mwa owerenga onse. Pa kachigawo kalikonse lembani offset yake, kukula kwake m'mabaiti, dzina lake lenileni monga lilili mu elf.h, manambala amene amaloledwa, ndi tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi. Kufotokoza kwakutali kubwere pansi pa tebulo, osati m'kati mwake, chifukwa tebulo lodzaza ndi ndime limataya ubwino wake wonse, umene ndi kuoneka lonse pakamodzi.

Kukula kulembedwe m'manambala, osati m'mayina a mitundu okha. Mu ELF, Elf32_Word ndi mabaiti 4, ndipo Elf64_Word ndi mabaiti 4 omwewo, pamene ya mabaiti 8 imatchedwa Elf64_Xword ndipo ya mabaiti 2 imatchedwa Half. Munthu wozolowera Windows amadziwa WORD monga mabaiti 2. Wowerenga wochokera ku PE akangoona dzinalo popanda nambala pambali pake adzawerenga theka la kachigawo, ndipo manambala onse otsatira adzakhota popanda chomuchenjeza.

Chiyeso china ndi kulemba tebulo limodzi la mabiti 32 n'kuwonjezera kuti pa mabiti 64 ma adiresi amangokula. Zimenezi ndi zoona pa header yaikulu, imene imachoka pa mabaiti 52 kufika pa 64 tizigawo tili m'ndondomeko yomweyo, kungoti e_phoff imasuntha kuchoka pa 0x1C kupita pa 0x20 ndipo e_shoff, imene imaloza tebulo la ma section, imachoka pa 0x20 kupita pa 0x28. Koma pa program header si zoona. Mu fayilo ya mabiti 32, p_flags imabwera pambuyo pa p_memsz, pa offset 0x18, pamene mu fayilo ya mabiti 64 inakokeredwa kutsogolo n'kukhala pa offset 4, motsatana ndi p_type, kuti manambala a mabaiti 8 otsatira agwere pa malire oyenera. Zofananazo zinachitikanso mu tebulo la ma symbol (mayina a ma function ndi ma variable), mmene st_info, st_other ndi st_shndx zinaikidwa patsogolo pa st_value mu mtundu wa mabiti 64. Ngakhale r_info ya relocation imagawidwa mosiyana, popeza nambala ya symbol imapezeka posuntha mabiti 8 pa mtundu wa mabiti 32 ndi mabiti 32 pa mtundu wa mabiti 64. Njira yokhayo yoyenera ndi kuika mizati iwiri ya offset moyandikana, kapena matebulo awiri athunthu, ndipo paliponse pamene ndondomeko yasintha pakhale chenjezo looneka pamwamba pa tebulo. Chikwangwani chonena kuti mlatho unagumuka chimaikidwa anthu asanafike pa mlathowo, osati kutsidya.

Sankhaninso kalembedwe kamodzi ka manambala n'kukasunga mpaka kumapeto. Ma offset ndi ma adiresi alembedwe mu hex ndi 0x kutsogolo, kukula ndi chiwerengero zilembedwe m'manambala wamba, ndipo offset iliyonse inenedwe kumene ikuyambira, kaya ndi poyambira fayilo, poyambira section, kapena pa adiresi imene pulogalamu yaikidwa mu memori. Chikalata cha PE chimakakamizika kusiyanitsa offset ya m'fayilo ndi RVA (mtunda wochokera pa adiresi imene pulogalamu yaikidwa mu memori) pa chifukwa chomwechi, ndipo liwu lakuti adiresi likangosiyidwa lokha wowerenga sadziwa kuti ndi iti mwa zitatuzo.

Onetsani mabaiti enieni

Palibe kufotokoza kumene kungapose chitsanzo chotengedwa mu fayilo yeniyeni. Tsegulani pulogalamu ya x86-64 ndi xxd kapena hexdump -C, koperani mizere yoyambirira, ndipo muiike m'chikalata pafupi ndi tebulo la header:

7f 45 4c 46 02 01 01 00 00 00 00 00 00 00 00 00
03 00 3e 00 01 00 00 00

Kenako yendani nayo wowerenga baiti ndi baiti. Nambala 02 ikunena kuti fayilo ndi ya mabiti 64, 01 yotsatira ikunena kuti baiti yaing'ono ndiyo imayamba, ndipo n'chifukwa chake 03 00 pa mzere wachiwiri iyenera kuwerengedwa monga 3, imene ndi mtundu wa fayilo wotchedwa ET_DYN, ndipo 3e 00 iyenera kuwerengedwa monga 0x3E, nambala ya x86-64. Mizere iwiri imeneyi imaphunzitsa nkhani ya ndondomeko ya mabaiti bwino kuposa tsamba lathunthu la mawu. Pambali pake ikani zimene readelf -h, chida chowerengera mafayilo a ELF, imatulutsa pa fayilo yomweyo, kuti wowerenga aone mabaiti, tebulo lanu ndi chida chodalirika zikunena chimodzi. Chitsanzo chimodzi chigwiritsidwe ntchito m'chikalata chonse, ndipo lembani lamulo limene munapangira fayiloyo kuti aliyense athe kuipanganso. Chitsanzo chongopeka pamutu n'choopsa, chifukwa cholakwika chimodzi m'menemo chimakhulupiriridwa kuposa ndime khumi zolondola.

Mfundo yomweyi ndi yofunika kwambiri pa relocation, pamene zikalata zimakonda kungopereka chilinganizo cha zilembo. Pa R_X86_64_PC32 chilinganizo ndi S + A − P, ndipo zilembozo zimafotokozedwa kwina, nthawi zina masamba angapo m'mbuyo. Bwerezani matanthauzo ake pamwamba pa tebulo lililonse limene zikupezekamo, ndipo perekani kuwerengera kumodzi kwathunthu. Tinene kuti lamulo la call lili pa 0x401000, choncho mabaiti 4 oyenera kukonzedwa akuyambira pa 0x401001, amene ndi P. Kolowera kuli pa 0x401020, amene ndi S, ndipo A, nambala yowonjezera, ndi −4. Yankho ndi 0x1B, moti mabaiti a lamulolo amakhala E8 1B 00 00 00. Wowerenga akaona kuti lamulo lotsatira lili pa 0x401005, ndipo kuti 0x401005 kuphatikiza 0x1B ndi 0x401020, amamvetsa yekha kumene −4 yachokera: purosesa imawerengera mtunda kuyambira kumapeto kwa lamulo, osati pa malo amene akukonzedwa.

Section ndi segment

Mawu awiriwa amafanana kamvekedwe ndipo m'zolankhula za tsiku ndi tsiku anthu amawasinthanitsa, koma mu ELF ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ma section, monga .text, .data ndi .bss, ndi mmene linker imaonera fayilo, pamene ma segment, ofotokozedwa mu program header, ndi mmene fayilo imaonekera kwa amene akuilowetsa mu memori. Segment imodzi imatha kukhala ndi ma section angapo, fayilo ya .o (ya object, imene sinadutse mu linker) nthawi zambiri ilibe program header, ndipo pulogalamu imatha kuyenda tebulo la ma section litachotsedwa, popeza kernel, mtima wa Linux, siliyang'ana poiyendetsa. Chithunzi chimodzi chosonyeza fayilo pakati, ma section kumanzere ndi ma segment kumanja, chimathetsa chisokonezo chachikulu, ndipo kumapeto kwa zimene readelf -l imatulutsa kuli kale mndandanda wosonyeza section iti ili mu segment iti. Mukasankha liwu, musalisinthe pofuna kukometsa chiganizo. Kusukulu tinaphunzitsidwa kupewa kubwereza mawu, koma m'chikalata chamtunduwu liwu latsopano limauza wowerenga kuti pabwera chinthu chatsopano. Ngakhale liwu lakuti gawo, ponena za mitu ya chikalata chenichenicho, ndi bwino kulipewa pafupi ndi nkhani ya ma section.

Lamulo, langizo ndi chizolowezi

Chiganizo chonena kuti kachigawo kakuti kamakhala ziro chingatanthauze zinthu zitatu: kuti kayenera kukhala ziro ndipo fayilo yosiyana ndi zimenezi ikanidwe, kuti ndi bwino kakhale ziro, kapena kuti zida zodziwika zimangoikamo ziro mwachizolowezi. Bungwe la IETF linathana ndi vuto limeneli ndi RFC 2119 ya mu 1997, imene inapereka matanthauzo okhazikika a MUST, SHOULD ndi MAY, ndipo palibe choletsa chikalata cha mafayilo kutengera njira yomweyo, bola mawuwo afotokozedwe kumayambiriro. Koma pa mafayilo pamafunika chinthu chinanso, chimene ndi kunena amene lamulolo likumukhudza. Wopanga fayilo ayenera kuika ziro m'mabaiti osungidwira mtsogolo a mu e_ident, pamene wowerenga fayilo ayenera kungowanyalanyaza, ndipo amenewa ndi malamulo awiri osiyana ofunika ziganizo ziwiri. Ziganizo zobisa wochita, zonga zakuti nambalayi imatsimikiziridwa, zisinthidwe kuti zitchule linker, kernel kapena dynamic linker, chifukwa wolemba chida amafuna kudziwa ngati ntchitoyo ndi yake kapena ya wina.

Pamene lamulo lili ndi chifukwa chachifupi, chiperekeni. Kunena kuti p_vaddr (adiresi ya segment mu memori) ndi p_offset (malo ake m'fayilo) ziyenera kusiya chotsala chofanana zikagawidwa ndi p_align kumamveka ngati mwambo wopanda mutu, kufikira mutawonjezera kuti memori imalumikizidwa ndi fayilo m'masamba athunthu, a mabaiti 4096 pa x86-64, kotero kuti malo a chinthu m'kati mwa tsamba sangasinthe. Munthu amene wamva chifukwa saiwalanso lamulolo.

Zopatuka zikhale pafupi ndi lamulo lake

Kachigawo ka e_shnum, kosunga chiwerengero cha ma section, kali ndi mabaiti 2 okha, ndipo manambala oyambira pa 0xFF00 anasungidwira ntchito zapadera. Fayilo ikakhala ndi ma section ofika 65,280 kapena kuposa, zimene zimachitika pa mafayilo aakulu a C++ pamene function iliyonse yapatsidwa section yake, e_shnum imakhala 0 ndipo chiwerengero chenicheni chimaikidwa mu sh_size ya section yoyambirira, ya nambala 0. Momwemonso e_shstrndx imakhala SHN_XINDEX ndipo nambala yeniyeni imapezeka mu sh_link ya section yomweyo. Mfundo imeneyi ikaikidwa m'mutu wa ma section mokha, munthu amene wangowerenga tebulo la header adzalemba pulogalamu imene idzanena kuti fayilo yaikulu ilibe section ngakhale imodzi. Iyenera kuonekera pa mzere wa e_shnum weniweniwo, ngakhale ikhale ya mawu ochepa ndi ulalo.

Zina zofunika kusamalidwa chomwecho ndi mayina amene amanena zosiyana ndi zimene amachita. ET_DYN imafotokozedwa kawirikawiri monga laibulale yogawana, koma mapulogalamu ambiri a Linux a masiku ano, opangidwa monga PIE (otha kuikidwa pa adiresi iliyonse mu memori), ali ndi mtundu womwewu, monga mmene chitsanzo cha mabaiti chija chasonyezera, ndipo panali nthawi imene zida zina zozindikira mitundu ya mafayilo zinkawatchula molakwika kuti ndi malaibulale. Mu PE muli header yotchedwa optional, imene pa pulogalamu yoyendetsedwa si ya mwini kufuna ayi, koma yokakamiza, ndipo imasowa pa mafayilo a object okha. Dzina lakale simungalisinthe, popeza lili kale m'mapulogalamu osawerengeka, koma mungathe kuika chiganizo chowongolera pamalo oyamba pamene dzinalo laonekera. Chimodzimodzinso p_memsz (kukula kwa segment mu memori) ikaposa p_filesz (kukula kwake m'fayilo) si cholakwika: mabaiti owonjezerawo amadzazidwa ndi ziro mu memori, ndipo umu ndi mmene .bss imapezera malo popanda kukulitsa fayilo.

Kuyesa chikalata

Kuwerenga mobwereza kumagwira zolakwika za kalembedwe, koma sikugwira zimene mwasiya chifukwa chozidziwa kwambiri. Mayeso oyenera ndi kupereka chikalatacho kwa munthu wodziwa kulemba mapulogalamu koma wosadziwa ELF, n'kumupempha kuti alembe kapulogalamu kosindikiza mayina a ma section onse, osayang'ana kwina kulikonse. Musamuthandize pakamwa, koma lembani funso lililonse limene afunse ndi malo alionse amene aime, chifukwa paliponse pamene waima pali chiganizo chosowa kapena choikidwa pamalo olakwika. Kapulogalamu kakatha, kayesedwe pa mafayilo osiyana: ya mabiti 32, ya mabiti 64, ya purosesa imene imayamba ndi baiti yaikulu, ya .o, ndi ina yochotsedwa ma symbol ndi strip. Zotsatira ziyerekezedwe ndi za readelf -S, ndipo pamene zasiyana, muyambe mwakayikira chikalata musanakayikire woyesayo.

Manambala a m'matebulo asalembedwe pamanja kawiri. Ngati ma offset ali mu tebulo, m'chithunzi ndi m'chitsanzo, tsiku lina limodzi mwa malo atatuwa lidzasinthidwa ena n'kutsala. Njira yabwino ndi kusunga kapangidwe ka fayilo pamalo amodzi owerengeka ndi makina, kaya mu header ya C kapena m'chilankhulo chofotokozera mafayilo monga Kaitai Struct, n'kumatulutsa matebulo kuchokera pamenepo. Ngati zimenezi zakulirani, kapulogalamu kakang'ono ka C kosindikiza offsetof ndi sizeof za kachigawo kalikonse ka mu elf.h kakwanira kutsimikizira tebulo lonse, ndipo kangathe kuyendetsedwa nthawi iliyonse imene chikalata chasinthidwa. Pomaliza, mtundu uliwonse wa chikalata ukhale ndi nambala ndi tsiku, komanso mndandanda wa zimene zasintha wotchula tizigawo ndi manambala atsopano mayina ake, kuti amene analemba chida chake potsatira mtundu wakale adziwe mizere yoti awerengenso.